Baisho ya Mutu Womata

1995

Mutu wa baisho unathyoka ine ndikuona. Tinali pa Kalomwe, titangodutsa malire kuchokera ku Dedza. Wanjinga amene tinamugwira anaimanga chopingasa pamwamba pa matumba a feteleza, ndipo pokhota kuti alambalale lole imene inaima pamsewu, mutu unagunda chitsulo cha kumbuyo kwa loleyo. Phwa! Unatsala ukulendewera pa nsambo zake zinayi. Wanjinga anatsika, anaupenya, nati, "Bambo, ichi chinali chothyoka kale." A Maseko anakhala pansi pafumbi, pakati pa osintha ndalama, nagwira tsaya.

Inu ana anga munakula mukuiona baishoyo, koma adzukulu mwina saidziwa. Ndi gitala ya nsambo zinayi zonenepa, ija imamvekera m'mimba. Ku Malawi amati bezi. Mutu wake ndi kathabwa ka kumapeto kwa khosi, pamene pali zitsulo zokungira nsambo. A Maseko anali patarawo wanga, ndiye kuti bwana wanga. Sindinagwirepo ntchito kwa munthu wina kupatula iwo ndi mwana wawo. Tinadziwana ku Dedza nthawi yothawa nkhondo. Titabwerera anatsegula ofisina ya matabwa ku Ulongwe nandilemba ntchito, ine wa kalasi yachinayi. Tinkapala zitseko ndi majanela, mazenera aja, chifukwa aliyense ankamanga, ndi mabokosi a maliro. Kenako anaganiza zokhala ndi banda yoimba m'maukwati. Viyola, gitala yaing'ono ija, anali nayo. Ng'oma anali nazo. Baisho ndi imene tinakagula tsiku limenelo.

Atakhala pafumbi paja, a Maseko anati, "Iwe Kasiyano, chimenechi ndi chitsulo kapena mtengo?"

"Mtengo."

"Ndiye ukundiyang'ana chiyani? Karipinteiro ndi ine?"

Kola yomatira matabwa kunalibe m'maloja, masitolo a ku Ulongwe, chaka chimenecho. Ndinapita kwa opha ng'ombe kumsika, ndinapempha ziboda ndi zidutswa za chikopa, ndinaziwiritsa m'chitini kuseri kwa ofisina mpaka zinasanduka phala lonanda. Fungo lake linathamangitsa mayi amene ankagulitsa mapawu, timabuledi tija, pakhomo pathu. Anachoka akutukwana. Ndinamata mutuwo, ndinaukulunga ndi malegeni a chubu cha njinga, ndinaika baisho pansi pa benchi. Unagwira.

Anabwera Diyoni, woliza viyola, kuti akunge nsambo. Munthu wamtali, wolongolola, koma nyimbo ankazidziwa. Anayamba kupotoza zitsulo. Ine ndinaika khutu pomata paja. Ndinamva tiki, ngati nankafumbwe m'nkhokwe.

"Leka," ndinatero.

"Sinafike."

"Yafika. Ukapitirira apa ithyoka."

"Gitala siikungidwa ndi karipinteiro, iwe!"

A Maseko anaweruza. "Diyoni, yako ili ndi mutu wabwino. Tsitsa yako ikumane ndi yodwalayi." Diyoni anang'ung'udza, koma anatsitsa. Panali munthu wa ku Dedza amene a Maseko anamulonjeza kuti ndiye aziliza baisho. Atamuona mmene amakokera nsambo, ngati akutunga madzi pachitsime, anamubweza. A Maseko anatembenukira kwa ine.

"Wamata ndiwe. Ukudziwa pomwe imamva kuwawa. Uziliza ndiwe."

"Sindidziwa nyimbo, patarawo."

"Zitseko unabadwa ukuzidziwa?"

Ntchito yachiwiri ndinaipeza choncho. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kukwezedwa kapena chilango.

1996 mpaka 2013

Diyoni anakanda ndi msomali malo ogwira pakhosi la baisho. "Apa, apa, kenako apa. Ukasochera bwerera poyamba, tikupeza." Ndinkasochera kawirikawiri. Ankandipezadi.

Woimba wathu anali Roza Nangozo, mayi wa mapawu uja. A Maseko anamumva tsiku lotukwana lija, mawu akufika mpaka kokwerera chapa, minibasi ija, ndipo anati woimba ndi ameneyu. Mwamuna wake anatsala kunkhondo. Anali ndi ana atatu. Mawu ake anali okwera, akuthwa, omveka kutsidya la dambo popanda chokuzira mawu. Nyimbo ankapeka yekha, zambiri zonyoza akamwini aulesi. Anasiya mapawu. Ana ake anadya ndi kuphunzira shikola ndi pakhosi pake.

Nyengo yathu inkayamba anthu akakolola, inkatha ndi mvula yoyamba. Lolemba mpaka Lachisanu ndinkapala matabwa. Loweruka tinkakwera lole ya mbatata, kapena ngolo, ndi bateriya ya galimoto pamiyendo. Baisho sinakwerenso njinga. Ndinkaiika m'thumba la feteleza, ndikuikumbatira njira yonse. Nsambo zogula zinali zosowa. Imodzi ikaduka ndinkaikapo waya wa buleki ya njinga yamoto. Ankacheka zala, koma ankalira.

Kola ya chikopa ili ndi khalidwe lake. Dzuwa likatentha imafewa. Mvula ikagwa imafewanso. Chaka chilichonse pomata paja pankatseguka kamng'alu ngati tsitsi. Ndinali ndi muyeso wanga: chikhadabo cha chala chachikulu. Tisanayambe kuimba ndinkachiika pamng'alu. Chikakana kulowa, tili bwino. Chikalowa, ndinkakhwefula nsambo pang'ono mpaka mng'alu utseke. Kenako ndinkaliza nsambo imodzi, Diyoni n'kutsitsa viyola yake ikumane ndi yanga, Roza n'kutengera mawu kwa Diyoni. Tinkachita choncho nthawi zonse. Mvula ikatha ndinkawiritsanso ziboda, kumatanso, koma sindinkabwezera nsambo pomwe zinali chaka chatha. Ndinkaopa. Palibe anafunsa.

Tsiku lina ku Lifidzi, mwezi wa Okutobala, anatiika pamtetete popanda mthunzi. Pakati pa nyimbo ndinaona mutu ukuweramira kutsogolo ngati munthu wosinza m'tchalitchi. Ndinaipanikiza baisho pakati pa mawondo, ndinatulutsa malegeni m'thumba, ndinamanga ndi mano ndi dzanja limodzi. Diyoni anapitiriza yekha. Roza anatembenuka, maikolofoni ili kukamwa, nati, "Amayi, vinani pang'onopang'ono, wodwala wathu akumumanga bandeji!" Anthu anaseka. Mkulu wina woledzera anabwera kudzaika kobiri pamutu wa baisho, ati kupepesa matenda. Kuyambira pamenepo anthu ankatitcha banda ya wodwala. A Maseko anakwiya sabata imodzi, kenako analemba dzinalo pang'oma.

Pa mapepala a ntchito ine ndinali karipinteiro. Pamsewu ndinali wabaisho. Kumaliro, nditabweretsa bokosi, anthu ankafunsa kuti wodwala ndamusiya kuti. Kuukwati, ndili mkati moliza, munthu ankabwera kudzandinong'oneza kuti bokosi la mlombwa ndi zingati, agogo ake sali bwino. Ndinkayankha ndikuliza. Amayi anu ankati ndisankhe chimodzi. Sindinkadziwa kuti wosankha ndi ine.

Zaka zinkapita. Diyoni anamera imvi. Ine msana unayamba. Koma Roza ankaimba nyimbo zomwe zija, kufika pokwera pomwe paja, osatsamwa. Amayi a ku Lifidzi ankati ali ndi mankhwala. Ena ankati ndi chifukwa sanakwatiwenso. Iye ankadziguguda pachifuwa. "Mawondo akalamba, maso akalamba, koma apa ayi. Apa ndine namwali." Tonse tinkakhulupirira. Inenso.

2014

A Maseko anamwalira mwezi wa Febuluwale. Bokosi lawo ndinakhoma ine. Ofisina ndi banda anatenga mwana wawo Nelito, amene ankagwira ntchito ya magetsi ku Tete. Musamve kuti anali woipa. Anabweretsa makina opalira matabwa, msana wanga unapuma. Ankanditchula a Phiri, osati iwe. Ku banda anabweretsa teklado, limba lamagetsi lija, imene anagula kwa munthu pa Kalomwe, ndi kachipangizo kakang'ono ngati chopanira zovala. Anati ndi afinadori. Amakapana pamutu wa gitala. Nsambo ikakhala polondola kamayaka mobiriwira. Ikaphonya kamayaka mofiira.

Anakapana pa baisho. Kofiira. Nsambo zonse zinayi, kofiira.

"A Phiri, mwatsika. Mwatsika kutali kwambiri."

"Kutsika kuchokera pati?"

"Kuchokera polondola."

"Anapaika ndani polondolapo?"

"Ndi pomwe dziko lonse limakunga. Ku Tete, ku Maputo, ku Joni, kulikonse."

"Nanga amene akhala akuvina kunowa amavina zolakwika?"

Anaseka. Ine sindinkaseka, ndinkafunsa. Anandifotokozera kuti viyola ndi baisho zimatsika ndi kukwera, koma teklado inabadwa ndi mawu ake, siitsika. Choncho tonse tikwere tikaipeze. Chaka chatha mdzukulu wanga Selina, amene amaliza teklado kutchalitchi, anandiuza kuti pali batani lotsitsira mawu onse nthawi imodzi. Nelito sankalidziwa, anagula yopanda buku. Inenso sindinkalidziwa. Selina atandionetsa batanilo ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndi laling'ono ngati nyemba.

Nelito anandipatsa kola ya machubu awiri, yosakaniza, imene imauma ngati mwala. "Mumate kamodzi n'kamodzi, a Phiri. Mu Ogasiti tili ndi ukwati wa mwana wa wamalonda a mbatata uja. Akuchimuna akuchokera ku Tete. Tisakachite manyazi."

Baisho ili pabenchi, iwo ankayeserera ndi teklado kuseri kwa ofisina. Ine ndinkamva ndikupala. Diyoni anakweza viyola yake. Roza anayamba bwino, koma pofika pokwera mawu anang'ambika. Anatsokomola. Anayambanso. Anang'ambikanso. Anati ndi chimfine cha mu Julaye. Sabata yotsatira anabwera atamanga mpango m'khosi, akutafuna jinja. Chimodzimodzi. Anati chimakinacho chili ndi mawu oipa. Atapita, Nelito anabwera pabenchi panga.

"Mayi Roza mawu atha. Sindifuna kuwachotsa, anandinyamulapo ndili khanda. Koma akachita chonchi paukwati, ndibweretsa mtsikana wina wa ku Tete."

Roza nthawi imeneyo ankalera adzukulu awiri a mwana wake amene anamwalira. Munda anali nawo waung'ono. Ine ndinkangodabwa kuti mawu a munthu angathe bwanji mwezi umodzi.

Ndinazindikira ndili ndekha. Ndisanachotse kola yakale ndinaliza nsambo yaikulu, ndinaona ikugwedera ngati chingwe choyanikira zovala. Ndinakumbukira chaka choyamba mmene inkachekera zala. Ndinakhala pansi. Chaka ndi chaka ndinkatsitsa pang'ono, Diyoni n'kunditsata, Roza n'kutsata Diyoni. Mawu ake ankatsika limodzi ndi baisho. Ankakalamba ngati tonse, koma nyimbo zinkatsika kukamupeza. Kapena mwina ine ndinkamva kuti akuvutika, dzanja n'kumatsitsa lokha, chikhadabo chili chonamizira. Sindidziwa anatsitsa mnzake ndani. Ndaganiza zaka zonsezi, sindidziwa.

Ndinawauza amayi anu. Anali akusankha nyemba.

"Ndiye kawauzeni a Nangozo."

"Ndikawauze chiyani? Kuti akalamba?"

"Nanga sakudziwa?"

"Pakhosi ayi."

"Ndiye muuzeni Nelito."

"Ati teklado siitsika."

"Ndiye matani ndi ziboda zanu zija, munene kuti mtengo wakana."

Zimenezo ndinali nditaganiza kale. Chitini chinalipo. Ndikanamata mofooka, baisho sikanakwera, banda ikanakhala pansi, Roza akanaimba. Nelito sakanadziwa. Ndinapita mpaka kumsika, ndinaima pamaso pa opha ng'ombe. Anandifunsa ngati wodwala wayambanso. Ndinabwerera chimanjamanja. Ntchito yoipa ndinaichitapo mosadziwa, ngati mmisiri aliyense. Yoipa mwadala manja anga sanaiphunzire. Ndinapala kola yakale yonse, ndinasema mpata kumbuyo kwa khosi, ndinalowetsamo kathabwa ka mlombwa kolumikiza khosi ndi mutu, ndinamata ndi kola ya Nelito. Itauma ndinakunga mpaka kachipangizo kanabiriwira. Ndinaika khutu. Zii. Chikhadabo chinasowa polowa. Inali ntchito yabwino koposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo sindinadye tsiku limenelo.

Ogasiti 2014

Tsiku la ukwatiwo linali langa lomaliza kuliza baisho. Muofisina ndinakhalamo mpaka ndinapuma, koma pagulu sindinaimenso.

Ukwati unali masana, pabwalo la nyumba ya wamalondayo ku Ulongwe. Anamanga malona. Kunali mphepo ya fumbi. Akuchimuna anakhala kutsogolo ndi masuti, amayi a kuno kumbuyo ndi zitenje zofanana. Nelito anapana kachipangizo pa viyola, pa baisho. Kobiriwira. Anaima kuseri kwa teklado nawerenga, tinayamba. Nsambo zinali zolimba, zala zanga sizinazizolowere. Baisho inkalira bwino, sindinama. Inkalira ngati ya pa wailesi.

Roza analowa. Anali atavala duku latsopano. Ndime yoyamba anadutsa. Pofika pokwera anatambasula khosi, mitsempha inatuluka, mawu anang'ambika pakati ngati nsalu yakale. Chokuzira mawu chinakuza kung'ambikako. Ena anaseka. Anayesanso ndime yachiwiri, kunatuluka mpweya wokha. Mayi wina wa kuchimuna ananena mokweza, "Apatseni mpando agogowo, apume." Roza anagwira maikolofoni ndi manja awiri. Sanayang'ane Nelito. Sanayang'ane Diyoni. Anatembenuka nayang'ana ine, ngati mmene ankachitira baisho ikadwala.

Sindinganene kuti ndinaganiza. Nyimbo itatha, chala chachikulu chinapita chokha pomata paja, pamene panalibenso mng'alu. Dzanja linapita pa zitsulo. Ndinakhwefula yoyamba, yachiwiri, zonse, mpaka zinagwedera mmene zala zinkazidziwira. Ndinaliza yaikulu kamodzi. Diyoni anamva. Ananditukwana chapansipansi, kutchula mpaka agogo anga, koma dzanja lake linali kale pamutu wa viyola. Wang'oma sanadikire Nelito. Anayamba nyimbo ya mkamwini wogona m'nkhokwe.

Roza analowa mwamantha. Kenako anamva kuti pansi pali poponda. Pofika pokwera anakwera, nakhalapo, natembenuza mutu kuyang'ana mayi wa mpando uja. Amayi a kumbuyo analulutira. Anadzuka onse, fumbi koboo. Koma teklado inali ikadali kumwamba kwake, ikulira yokha ngati mbuzi yosochera. Nelito ankasindikiza, akuyang'ana zala zake, akuyang'ana ife. Mkulu wina anakuwa, "Zimitsani chimenecho, chikusokoneza!" Ena anavomera. Nelito anachotsa manja. Anazimitsa. Anaima atapinda manja mpaka ukwati unatha. Anthu anasupa Roza mpaka lichero linadzaza. Mayi wa mpando uja anavinanso.

Dzuwa litapendeka tinayamba kulongedza. Nelito anabwera, anatenga baisho m'manja mwanga, anapana kachipangizo. Kofiira. Anaitembenuza, anayang'ana pomata, anakankha mutu ndi chala.

"Sunagwe."

"Sunagwe."

"Ndiye mwatsitsa dala."

Nelito sanakweze mawu. Bola akanakweza.

"A Phiri, mwandiimika ngati chitsiru pamaso pa anthu a ku Tete. Chikhalirecho wolondola ndine. Mukudziwa kuti ndine." Anapukuta fumbi kumaso. "Mayi Roza sindingawachotse tsopano, anthu angandigende. Teklado ndikaitsekera m'nyumba. Koma ndiuzeni chimene chachitika pano, chifukwa ine sindikumva."

Nthawi yomweyo Roza anafika. Duku linali litapendama, thukuta likuyenderera, akuseka ngati mtsikana. Anamenya Nelito paphewa.

"Waona, mwana wa Maseko? Ndimanena ine kuti chimakina chako n'chakufa! Anakugulitsa chowola pa Kalomwe. Ukanati undiphe nacho lero. Ine ndimati kapena andilodza." Anadziguguda pachifuwa. "Mawu ali pompo, pomwe anali masiku a bambo ako."

"Mayi," anatero Nelito, nakweza kachipangizo kaja. Kanali kakuyakabe mofiira.

"Chotsa kachidole kako. A Phiri, muuzeni mwanayu. Inu munalipo kuyambira tsiku la ziboda zonunkha lija. Simunama inu, simudziwa n'kuyankhula komwe. Nenani. Mawu anga asintha?"

Onse awiri anandiyang'ana. Diyoni, amene ankakulunga mawaya pambali, anaweramitsa mutu nayamba kukulunganso waya amene anali atakulunga kale.

Ndinatenga baisho m'manja mwa Nelito. Ndinailowetsa m'thumba lake la feteleza, ndinamanga kukamwa, ndinaitsamiritsa pa tayala la lole, mutu m'mwamba. Ndinatola chipewa changa.

"A Phiri!" anaitana Roza. "Ndakufunsani!"

Ndinatuluka pachipata, ndinalowa msewu wa kumsika.